Mkamwini Amene Adabandira Makadamiya

Mukamadutsa pamsewu wafumbi wa kuseri kwa Ludzi m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale mbuzi zimasowa pobisala dzuwa, mwina mudzapeza bambo wina wamtali, wowonda, ataimika njinga m'mbali mwa munda wa makadamiya. M'mundamo salowa. Amangoima kuseri kwa mpanda wa nkhadze, chipewa chili m'manja, n'kumasuzumira pansi pa mitengo. M'mwamba muli mtedza sayang'anamo ayi, maso ake amakhala pansi penipeni. Oyenda amayesa ndi wakuba amene akuonera njira. Wakuba uti wa imvi zotero! Amenewo ndi a Eneya Mbewe, ndipo m'munda umenewo mulibe dzenje limene sadakumbe ndi manja awo.

A Eneya kwawo ndi kwa Mavwere. Kuno adabwera ali mnyamata wa ndevu zowerengeka, kudzakwatira Luwiza wa kubanja la a Nkhoma, ndipo adakhala pachikamwini monga amakhalira amuna ambiri a kuno: nyumba pamalo a mkazi, munda wa mkazi, nkhokwe ya mkazi, iwo chawochawo ndi khasu ndi msana. Zaka zidapitirira makumi atatu ali pomwepo. Sadali munthu wa nkhani. Pabawo ankangoonerera, pamowa sankakhalitsa, koma pa ulimi, eee, apo pokha musawayese. Nazale yawo ya fodya inkamwa madzi m'mawa ndi madzulo osaphonya, ndipo mbande zake anthu ankachita kudzapempha. Akabandira chimanga, dothi linkafika m'mawondo mwa phesi, moti mphepo ya mu Febuluwale inkagwetsa minda ya eni mudzi n'kusiya wa mkamwini uli chilili.

Ana sadakhale nawo. Luwiza adapita padera kawiri, kenako basi, kudangoti zii. Nyumbayo ikadakhala yozizira zedi pakadapanda pakamwa pa Luwizayo, chifukwa mayi ameneyo ankalankhula za anthu awiri. Adali wamfupi, waphokoso, akaseka pachitsime kuchigayo ankamva. Ndiye tsiku lina adabwera kuchokera ku kalabu ya alimi atasenza beseni lodzaza timitengo tokwatitsa kale, ta masamba olimba okhala ndi timinga m'mbali.

"A Mbewe, mawa mukakumbe maenje kumunda wa kudambo."

"Maenje a chiyani, Nankhoma?" Ndi mmene ankamuitanira mkazi wawo, ndi chiwongo cha kwawo.

"A mitengo. Makadamiya."

"Inu, mudaona kuti mkamwini akubzala mtengo pamalo a eni? Anthu atiseka."

"Aseke. Mtengo ndi wanga, dzenje ndi lanu."

Ndipo anthu adasekadi. Pabawo wina adachita kufunsa mokweza kuti mtengo wodzadyedwa ndi zidzukulu akubzalira zidzukulu ziti. A Eneya adamva, koma adapitabe kukakumba.

Za kasamalidwe ka mitengoyo adasiyira mwini wake. Luwiza ndiye ankapita kumisonkhano ya kalabu, iwo ankati zimenezo n'za amayi, fodya akudikira. Ankangoona ali patali kuti mkazi wawo amathirira mwa apo ndi apo, ndipo akabwera ndi ndowa sathira patsinde, amathira chapatali mozungulira. Kwa mlimi wa nazale zimenezo zidali ulesi wosabisa. "Nankhoma, madzi mukumwetsa udzu, mtengo uli apo!" Luwiza ankangoyankha kuti, "Inu samalani fodya wanu," n'kuseka. Akadafunsa tsiku limodzi lokha kuti bwanji mumatero! Koma mwamuna wa kuno kufunsa mkazi za ulimi, kaya.

Chaka chimene mitengo idatulutsa maluwa oyamba, Luwiza adagwa panjira akuchokera ku Misa. Adamutengera kuchipatala pangolo, ndipo sadabwereko ndi miyendo yake.

Tsono mudziwa mmene zimakhalira. Mkazi akamwalira, mkamwini amakhala wadyeratu. Likapita tsiku lometa, akuchikazi amakhala pansi n'kumusudzula, kumumasula kuti azipita kwawo. Amene ali ndi ana, anawo amamugwira mwendo. A Eneya akadagwiridwa ndi yani? Ndipo kwawo kumene kudali kuti? Kwa Mavwere makolo adatha kalekale, alongo awo onse adagona, kudangotsala ana a alongowo amene ankawadziwa ngati malume a ku Ludzi obwera pamaliro pokha. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akayambe kupempha malo omanga kanyumba! Mantha amenewo adawagwira kuposa chisoni, ndipo ankachita nawo manyazi.

Woyang'anira mbumba ya a Nkhoma adali a Goliati, mlongo wake wa Luwiza. Dzinalo lisakunamizeni, munthu wake ndi wochepa thupi, wa mawu apansipansi, wosakonda kukhumudwitsa munthu. Nawonso adali pampanipani. Tabeth, mwana wa mng'ono wake wa Luwiza, adali atangobwera kuchokera ku Chipata banja litatha, ali ndi ana awiri, onse atapanikizana m'kanyumba ka mayi ake. Nyumba ya Luwiza ndi munda wa kudambo, mwa mwambo, zidali zoyenera Tabethyo. Koma a Goliati adayang'ana mlamu wawo atakhala pamkeka mutu uli mpala, ndipo adalephera kuwasudzula.

"Alamu," adatero, "ife sitikuthamangitsani. Mitengo ya malemuyi idakali ana, ikufuna munthu tsiku ndi tsiku. Khalani muilere. Ikadzaima payokha, tidzakhala pansi."

A Goliati adangonena pofuna kufewetsa nkhani, koma a Eneya adatola mawu amenewo n'kuwamanga pamtima: tsiku ndi tsiku. Malinga ngati mitengo ikufuna munthu tsiku ndi tsiku, iwo ali ndi pokhala.

Fodya adamusiya. Adapita kuboma, kusitolo ya a Habibu, kukagula pampu yopondaponda ndi paipi yake. Atafika kumunda adayang'ana mitengo ya mkazi wawo ndi maso a mlimi wa chimanga, ndipo adamva chisoni. Matsinde ali pamtunda, opanda chowachirikiza, ngakhale chipsera cha pamene adakwatitsira chikuonekera poyera. Adatenga khasu n'kubandira mtengo uliwonse mulu waukulu, wosalala bwino, mpaka chipsera chija chidakwiririka. Pamwamba pa mulu adakumba kambiya kozungulira tsinde, kuti madzi asathawe, aziima pomwepo mtengo uzimwa mosafulumira. Ntchitoyo idali yokongola ndithu. Odutsa ankaima n'kunena kuti a Mbewe ndi mlimi.

Kuyambira pamenepo mudzi udayamba kudzuka ndi kulira kwa pampu. Kwii, kwii, kwii, m'mawa. Kwii, kwii, dzuwa likapendeka. Akadzaza timbiya tonse, ankatsina kukamwa kwa paipi ndi chala n'kuwaza madzi m'masamba, kutsuka fumbi la msewu, monga ankachitira ndi keni yothirira panazale. Mzere wa kumtunda wokha ndiwo unkawasowetsa mtendere, chifukwa paipi siinkafika. Kumeneko ankapita ndi ndowa akapeza mphamvu, ndipo nthawi zambiri mphamvuzo zinkakhala zitathera papampu. Ankaipepesa mitengo ya kumtundayo podutsa.

Panali mtengo umodzi, woyamba kubzalidwa, pafupi ndi chitsime cha m'mundamo, umene Luwiza adauika m'dzenje ndi manja ake akuimba nyimbo ya kwaya. Umenewo a Eneya ankautchula Nankhoma. Kumanda munthu sapitako mwachisawawa, mpaka pagwe maliro ena, ndiye iwo nkhani zawo ankakambira pamenepo. Ankauuza kuti nkhuku yofiira ija yaswa, kuti denga la kukhitchini ladontha, kuti kumapemphero a mphakati aimba nyimbo yake ija koma aiwononga. Munthu amene sankalankhula mkazi ali moyo adayamba kulankhula za anthu awiri. Ndipo poti ankakhalitsa pamenepo, paipi nayo inkakhalitsa pamenepo, madzi ali thithithi patsinde.

Kunyumba kunalibe chowathamangitsira. Ankafika, kuwiritsa mbatata, kudya ataimirira. Tabeth nthawi zina ankatumiza mbale yovundikira, iwo n'kubweza itatsukidwa, koma kucheza kwenikweni panalibe, pakuti onse awiri ankadziwa kuti wina akugona m'nyumba ya mnzake. Lamulungu masana ndiye padali povuta. Mudzi wonse uli m'magulumagulu, uku akulukana tsitsi, uku wailesi ya mpira, iwo ali pakhonde okha, kuyang'ana chitenje cha Luwiza chimene chidakali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ankasungulumwa, abale, kusungulumwa kochita kumva kuwawa m'mafupa. Ikafika pamenepo ankanyamuka n'kupita kukaponda pampu, ngakhale dothi likhale lisadaume za m'mawa.

Chilimwe choyamba mitengo idaoneka ngati ikuthokoza. Chachiwiri, Nankhoma adayamba kusintha. Masamba adachita chikasu, ena kufota, nsonga za nthambi kuuma. Mlimi aliyense wa chimanga akaona masamba ofota amadziwa chimodzi: ludzu. A Eneya adawonjezera madzi. Masamba adayamba kuyoyoka. Adawonjezera dothi pamulu, adathira manyowa, adawonjezeranso madzi. Kenako khungwa la m'munsi lidang'ambika, ndipo mudayamba kutuluka utomoni wofiirira, wonata, wotsetsereka mpaka m'kambiya muja. Mitengo yoyandikana nayo idayamba chikasu. Mtedza umene udabereka udachita timadontho takuda pamakoko n'kumagwa usadakhwime, ukaswa m'kati mopanda kanthu.

Mudzi sukhala chete pa zoterezi. Amayi a pachitsime adati mtengo wa Luwiza ukulira magazi, malemu sadakondwe. Ena adati alipo wathira mchere usiku kuti mkamwini achoke. A Eneya nawo adayamba kuyang'ana a Goliati ndi diso lina, munthu wosalakwa. Tabeth ndiye adatopa ndi manong'onong'o, adapita ku kalabu kukaitana mlangizi.

Adabwera panjinga yamoto, mayi wachitsikana dzina lake Millicent, nsapato zake zajombo zili fumbi lokhalokha. Tabeth adangomulozera munda n'kubwerera kukaphikira ana, ndiye m'mundamo adatsala awiri. Mlangiziyo adapereka moni mwaulemu, adayang'ana milu ija, adayang'ana timbiya todzaza madzi, adapuma mpweya wautali.

"Bambo, ndibwerekeni khasu."

Adagumula mulu wa Nankhoma mbali imodzi. Dothi lidatuluka lili matope, lonunkha ngati pansi pa mtsuko wosatsuka. Khungwa limene lidakwiririka lidali bii, lofewa, moti adalikanda ndi chikhadabo n'kuchoka. Timizu tating'ono tonse tidali titaola.

"Mumathirira kangati?"

"Tsiku ndi tsiku, mayi. M'mawa ndi madzulo. Sindidaphonyepo." Adanena monyadira, osadziwa kuti akudzipereka okha.

Millicent sadawadzudzule. Adawatenga n'kupita nawo kumzere wa kumtunda, uja ankaupepesa. Mitengo ya kumeneko idali yobiriwira bwino, masamba ali gwa, milu yake itaphwa ndi mvula, matsinde ali pouma.

"Mukuchidziwa chuku, bambo, chija chimagwira mtedza wathu wapansi mukausunga ponyowa? Ichi ndi chibale chake, koma chimakhala m'dothi. Pouma chimagona. Pakakhala chinyezi chosatha chimadzuka, chimalowa pakhungwa ndi m'mizu, ndipo chimayenda ndi madzi omwewo kuchoka pamtengo uwu kupita pa uwo. Mizu ikaola mtengo sungamwe, ndiye umafota ngati uli ndi ludzu pamene uli m'madzi. Timadontho ta pamakoko ndi china cha mtundu womwewo, icho chimakonda masamba onyowa. Mtengo uwu si chimanga, safuna kubandira. Si nazale, safuna kusambitsa. Pakamwa pake sipatsinde ayi, ndi uko kumene kwathera nthambi."

A Eneya adaona m'maganizo Luwiza ali ndi ndowa, akuthira chapatali mozungulira, akuseka. Adakhala pansi pamzere.

"Uwu wa pachitsime wapita, musadzivutitse nawo," adapitiriza mlangizi. "Koma inayi ingapulumuke. Gumulani milu yonse, patsinde paume. M'masamba musawazenso. Ku kalabu kuli mgolo ndi timapaipi todontheza madzi pang'onopang'ono, dzina la mayi Luwiza likadali m'gulu, mukatenge. Mukadzaza mgolo, mwatha, masiku angapo osabweranso. Ngakhale achemwali aja, mwana ali kumsana, angathe, n'kungotsegula kampopi basi. Mupumeko, bambo, mwavutika."

Iye adanena ngati uthenga wabwino, mwana wa eni, adziwa bwanji? Adaliza njinga yake n'kupita. A Eneya adatsala atamva chinthu chimodzi chokha: mitengoyi sifuna munthu tsiku ndi tsiku.

Panalibe wina adamva mawu a mlangizi. Akadatha kuuza a Goliati kuti alangizi ati matendawa ndi ovuta, afunika munthu wokhala pomwepo. Akadatha kupitiriza monga kale, mitengo n'kumadwala pang'onopang'ono, iwo n'kumaidwazika, chaka ndi chaka, mpaka imfa idzawapeze m'nyumba ya mkazi wawo. Musaganize kuti sadaganize zimenezo. Adaziganiza ndithu, masiku angapo, atakhala pafupi ndi Nankhoma, khasu lili pambali, osaponda pampu, osagumula mulu. Adaufunsa mtengowo kuti atani, koma nthambi zake zidali zitauma kale.

M'mawa wina adapeza mtengo wachiwiri nawo wayamba kutuluka utomoni. Adaugwira, chala chidanata. Adakumbukira mmene Luwiza adasenzera beseni lija kuchokera ku kalabu, khosi litakhota, akulankhula njira yonse za mtedza umene adzadye atakalamba. Mayi ameneyo sadasiye mwana, sadasiye nyumba ya malata. Adasiya mitengoyi basi, ndipo amene ankaipha ndi iwo.

"Pepani, Nankhoma," adatero. "Ndimayesa ndikusamala."

Adatenga khasu. Munthu amene moyo wake wonse ankakokera dothi kuphesi adayamba kulikankhira kutali, mtengo ndi mtengo, pomaliza n'kumafukula ndi zala kuti asavulaze khungwa, mpaka chipsera cha pokwatitsira chidaonekanso. Misozi inkagwera m'matope momwemo, iwo osaipukuta. Adapaka mankhwala amene mlangizi adasiya pa mabala a khungwa. Adakatenga mgolo ku kalabu pangolo yobwereka, adaumangira nsanja kumtunda, adayala timapaipi mozungulira kumene kwathera nthambi. Nankhoma adamudula okha, adakumba chitsa, adatentha zonse monga adauzidwira, ndipo tsiku limenelo sadadye.

Tsono apa ndi pamene ndimati ndiseke, n'kulephera. Mgolo unkadzazidwa lero, mawa ndi mkuja kopanda ntchito. Koma mudzi udazolowera kudzuka ndi pampu, ndipo a Eneya ankaopa kuti kukangoti zii, a Goliati adziwa. Ndiye m'mawa uliwonse ankapitabe kudambo, n'kutenga kukamwa kwa paipi kukaika m'ngalande ya m'bango, kuseri kwa chitsime, n'kukwera papampu. Kwii, kwii, kwii. Madzi ankachoka m'dambo n'kubwerera m'dambo momwemo. Bambo wamkulu, thukuta lili kamukamu, mawondo akulira, kupopa madzi osapita kulikonse kuti anthu amve kuti akufunika. Madzulo ankabwerezanso. Chilimwe chonse chidatha choncho, ndi chotsatira chake chomwe.

Mitengo idachira. Iwiri idatsatira Nankhoma, koma yotsalayo idaphuka masamba atsopano, mabala adauma, ndipo chaka chachiwiricho idabereka mtedza woyera makoko, wolemera m'manja, wogwa wokha utakhwima. A Eneya ankatola m'mawa uliwonse mvula ikugwa, mtima uli pawiri. Thumba lililonse lodzaza linkawakondweretsa, ndipo lomwelo linkawauza kuti nthawi yatha.

A Goliati adabwera m'mwezi wa Juni, kukuzizira, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Adakhala pakhonde, adafunsa za chifuwa, adakamba za mtengo wa feteleza, adazungulira mpaka nkhani zidatha.

"Alamu, mitengo ija yaima payokha. Mwagwira ntchito, malemu mwawalemekeza. Koma mwanayu ana akukula, m'nyumba muja sakukwanamo."

"Ndamva, alamu."

"Musatitenge ngati anthu oipa."

"Ayi. Mwandisunga."

Adatumiza uthenga kwa Mavwere, ndipo kudabwera Enoki, mwana wa mlongo wawo, bambo wa banja lake amene adavomera kuwapatsa malo kuseri kwa khola. Mwambo udachitika bwinobwino, thobwa lidafululidwa, mawu abwino adanenedwa mbali zonse. Katundu wa zaka zonse zija adakwana panjinga ziwiri. Chitenje cha pamsomali adachipinda n'kuchiika m'kati mwa malaya.

Asadanyamuke adaitana Tabeth kumunda. Adamuonetsa kampopi, adamuonetsa pochotsa zinyalala timapaipi tikatsekeka, adamuuza kuti aliyense wobwera ndi khasu pafupi ndi tsinde amulande.

"Pampu ndakusiyira, mwanawe. Uzidzaza mgolo ukatha. Masiku enawo usavutike nayo, sifunika tsiku ndi tsiku."

Tabeth adayang'ana pansi, akukumba dothi ndi chala cha kuphazi.

"Ndikudziwa, bambo. Ndidaiona paipi m'bango muja, chaka chatha, ndikukatchola ndiwo. Ndidawauza amalume. Iwo adati tisanene kanthu, tiwasiye akolole kaye mtedza wa mayi aakulu." Adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Tinkaimva pampu ija m'mawa uliwonse. Amayi ankatseka chitseko kuti asamve."

A Eneya adaima chilili. Manyazi adawagwira mpaka m'makutu, kuti mudzi wonse unkadziwa, iwo ali kalikiliki kupopa madzi a m'bango. Koma pansi pa manyaziwo padali china, chakuti mayi ameneyu adagona pamkeka umodzi ndi ana ake chaka chathunthu, nyumba yake ilipo, kuti iwo asachoke manja ali lende. Adangovala chipewa n'kupita kumene Enoki ankadikira.

Kwa Mavwere akukhala bwino, monga anenera anthu. Ali ndi kanyumba kawo, amalima kachigawo ka chimanga, ndipo kubandira sadaiwale. Ana a Enoki amawatcha agogo a ku Ludzi, ngakhale akukhala nawo bwalo limodzi. Sayankhula kwambiri. Koma kukatentha, Okutobala akafika pakati, amapopa matayala n'kulawira mbandakucha, ulendo wa tsiku lonse kupita ndi kubwera, munthu wa msinkhu umenewo.

Chaka chatha Tabeth adawaona ali kuseri kwa nkhadze, iye akutsegula kampopi. Adathamanga mpaka pampanda.

"Bambo! Mwafika liti? Lowani, mudzamweko madzi, ana akuoneni."

"Ayi, mwanawe, ndikuona bwino pompano." Adasuzumiranso pansi pa mitengo, mzere ndi mzere, mpaka pampata wa pafupi ndi chitsime pamene sipadabzalidwenso kanthu. "Patsinde mpouma?"

"Mpouma, bambo."

"Ponseponse?"

"Ponseponse."

Adagwedeza mutu, adavala chipewa, adatembenuza njinga kuloza kwa Mavwere. Tabeth adaima pampanda mpaka fumbi lidawabisa, kenako adabwerera kukatseka kampopi.